Mlandu Umene Munandisenzera

Amayi,

Kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kuphwanya? Ndine Fatsani, mwana wanu wa ku Bolton, amene munkamunena kuti kalata ya mizere itatu imamulemera kuposa thumba la fetereza. Lero ndakhala pansi. Papita zaka zitatu chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zaunjikana moti ndikusowa poyambira.

Ndiyambe ndi zopepuka. Achemwali a Aginesi akolola bwino soya chaka chino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba ya mu Febuluwale. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa, ndipo akuti ndi yamakani ngati kale, imalowabe m'khitchini kukanyambita mchere. Lusiya, mwana woyamba wa achemwali, anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Mponela, munthu wofatsa koma wodya kwambiri. Kuno ine ndikugwirabe ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo mpongozi wanu Tamanda akadali nesi kuchipatala. Khoma la kuchipinda limachita nkhungu nyengo yozizira, landilodi amangoti abwera mawa. Ndikamathamangira basi m'mawa ndimakumvani mukundikuwira muja munkachitira, kuti kuzizira sikudziwa zoti munthu anapita kusukulu, ndivale juzi. Ndimavala, amayi, awiriawiri.

Tsopano nkhani yaikulu. Tamanda wachira, mwana wamkazi. Patatha zaka khumi ndi ziwiri tili awiriwiri, m'nyumba muno mukumveka kulira kwa khanda. Ali ndi zala zazitali ngati zanu, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope ngati wina wamubera. Tsiku loyamba kumunyamula ndinatembenuka kuti ndikupatseni, ndinaiwala kuti inu kulibe.

Kuno lamulo limati mwana akalembetsedwe dzina ku ofesi pasanathe milungu isanu ndi umodzi. Ife tinafika mulungu wachisanu mwana alibe dzina, tikungomuitana kuti bebi. Dzina ndinali nalo kale, lanu, Elinati. Amene anakana ndi Tamanda, koma musamuganizire zoipa, mverani kaye.

Tikadali kuchipatala, bambo aang'ono a Jailosi anatumiza uthenga wa mawu pa foni wotiyamikira. Ndinautsegula mokweza osadziwa zili m'katimo. Anati tsopano aliyense waona yekha, chimene chinamanga mimba chapita kudothi, n'chifukwa chake njira yatseguka. Tamanda anamvetsera mpaka kumapeto, mabala a opaleshoni akadali aawisi. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Dzina la amayi silipita papepala mpaka mutawauza anthu aja zoona. Simungamupatse mwana ulemu wawo, inu mukuwasiya akadali mfiti."

Ndinakwiya, amayi, sindikubisirani. Masiku atatu ndinkangoyankha za matewera ndi mkaka basi. Koma mkaziyu ankanena zoona, ndipo zoonazo ndiyenera kuyamba kukuuzani inu.

Mukukumbukira mmene zinayambira. Bambo anakutengani chitengwa, munakhala pamudzi pawo zaka makumi anayi, kutunga pachitsime chawo, kuphika pamaliro awo onse. Koma iwo atangomwalira munasanduka mlendo. Nthawi yomweyo munayamba kuiwalaiwala, kuthira mchere kawiri, kuitana achemwali dzina la malemu mng'ono wanu. Tsiku lina m'mawa anakupezani m'dimba la eni mutaima, njira yobwerera itakusowani. Kenako khanda la kwa a Jailosi linamwalira ndi malungo. Abale a bambo anakatenga sing'anga kutsidya, yemwe anakumba pakhomo panu n'kufukula nsupa, mosavuta ngati munthu amene anaikwirira yekha. Pamilandu yonse imene anakuunjikirani, umene unawakhutiritsa anthu unali wa ine. Ankati onani, mfiti imeneyi sinamvere chisoni ngakhale mwana wake wobala yekha, inamanga mimba ya mpongozi.

Poti ndine mwana wamwamuna ndekha, anandiimbira foni n'kuiika pa sipika pakati pa bwalo. Ndinali kuntchito, m'chipinda chochapira, nditazunguliridwa ndi nsalu zapabedi. Ndinkamva nkhuku za kwathu, ndipo ndinakumvani mukutsokomola. A Jailosi anandifunsa ngati n'zoona kuti madokotala a ku Mangalande, ndi makina awo onse, alephera kupeza matenda mwa mkazi wanga. Ndinayankha kuti eya, mwa Tamanda sanapezemo vuto. Ndinathera pomwepo.

Sindinaname, amayi, koma ndinachita choipa kuposa bodza. Miyezi inayi izi zisanachitike, dokotala anali atandiuza kuti vuto lili mwa ine. Pepala lake linali m'thumba la jekete, kuseri kwa chitseko. Ndikanangowonjezera mawu atatu, kuti vuto ndi langa, bwalo lija likanasowa chonena. Koma ndinaganiza za amuna onse aja atakhala pamipando, anzanga amene ndinkakumba nawo mbewa, akumva kuti Fatsani wa kunja uja ndi gojo. Ndinaopa kusekedwa. Munkati ndikamanama mphuno yanga imatuluka thukuta, ndipo tsiku limenelo inatuluka, kungoti panalibe wondiona.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Anatentha mphasa yanu ndi zitenje, miphika anaiponya panja, achemwali anabwera ndi ngolo kudzakutengani. Dimba lanu lija akulima a Jailosi mpaka lero. Ine ndinkatumiza mankhwala ndi mabulangete, n'kumadzinamiza kuti ndikukusamalani. Maliro anu ndinawaonera pa foni, nthawi ya buleki.

Chimene chimandipsetsa mtima ndikaganiza ndi ichi. Pamudzi pomwepo pali a Gelesomu, maso ofiira, oyankhula okha, amene anawapezapo atagona pafupi ndi manda. Awo anthu amangoti ndi kachasu ndi ukalamba, n'kuwaperekeza kwawo. Sing'anga uja amayenda ndi nsupa chikwama chodzaza, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amamulandira ndi nkhuku. Inu munkangodziwa masamba a chifuwa ndi a m'mimba, munalibe mwamuna, munali ndi dimba lachinyontho. Ndipo zaka zonse zija, inu asanakulozeni chala, amene ankanyozedwa kuti ndi chumba anali Tamanda. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo zofunsa za ine.

Ndinkayesa zoterezi n'zakwathu kokha. Chilimwe chathachi tinatenga agogo a kuntchito pa minibasi kukawaonetsa phiri la Pendle, si kutali kwenikweni ndi kuno. M'timasitolo ta kumeneko amagulitsa zidole za nkhalamba zazikazi zitakwera matsache, ndi makapu ojambulidwa zomwezo, anthu n'kumajambulitsa akuseka. Mnzanga wa kuntchito, mayi wobadwira komweko, anandifotokozera kuti zaka mazana anayi zapitazo anthu a m'midzi imeneyo anagwidwa n'kunyongedwa pa mlandu wa ufiti, ambiri mwa iwo akazi, amphawi, ena amasiye. Ine ndinkakankha njinga ya olumala ya agogo ena amene amandiitana dzina la malemu amuna awo ndipo amabisa buledi m'chikwama. Ndimawapesa tsitsi m'mawa uliwonse, ndipo palibe amene amawaopa, matenda awo ali ndi dzina ndi mankhwala. Ndinamufunsa mnzangayo ngati akazi aja analibe ana oti awaikire kumbuyo. Anati analipo, ndipo ena ana awo omwe ndi amene anakawachitira umboni kukhoti. Ndinamusiyira njinga n'kupita kuseri kwa minibasi, pobwera ndinati mphepo yandilowa m'maso.

Ndiye Lamlungu lapitali ndinachita zimene Tamanda ananena. Ndinapempha achemwali kuti apite kumudzi kwa bambo ndi foni yawo, akasonkhanitse abale. Chichokereni ndi inu pangolo paja anali asanapondekonso. Anandifunsa kuti akatani kwa anthu amenewo, ndinangowachonderera kuti apite. Titaweruka kutchalitchi ndinakhala pampando wa pabalaza, Tamanda pambali panga akuyamwitsa. Achemwali anaimba n'kuika foni pa sipika. Ndinapereka moni kwa onse, mmodzimmodzi, kuchedwetsa dala, mpaka mayina anandithera.

Kenako ndinati, "Bambo aang'ono, ndi nonse muli pamenepo, amene sankabereka ndine. Madokotala anandiuza amayi musanawathamangitse, pepala ndili nalo. Mwanayu wabadwa chifukwa cha chithandizo cha kuchipatala, osati chifukwa choti amayi anafa. Amayi sanamange munthu. Ndinakhala chete tsiku lija chifukwa ndinkaopa kuti mundiseka."

Wina anayamba kuseka n'kusiyira panjira. A Jailosi anati zinthu zimenezo mwamuna sanena pamaso pa azimayi, kenako anati netiweki ikuvuta sakundimva bwino. Sanapepese, amayi, ndisakunamizeni, ndipo za dimba sanatchule n'komwe. Ena akuti kunja kwandisokoneza mutu. Koma achemwali akuti mayi mmodzi mwa amene anaponya miphika yanu anadzuka, n'kupita kuseri kwa nkhokwe atadziphimba chitenje kumaso. Sindikudziwa ngati ndatsuka dzina lanu lonse. Ndinangochita mochedwa zimene zinali zanga kuchita.

Patapita kanthawi achemwali anandiimbira ali pamsewu, akudikira minibasi. Ndinakonzeka kulandira mawu owawa, chifukwa iwo ndi amene anakusambitsani ndi kukudyetsani zaka ziwiri, anansi akuwaletsa ana awo kudutsa pakhomopo. Koma mawu awo anali otsika. Anati, "Fatsani, amayi ankadziwa."

Ndinafunsa kuti ankadziwa chiyani. Anandikumbutsa za matsagwidi amene ndinadwala ndili Fomu 2, aja anatsikira kumusi n'kundigoneka kuchipatala milungu iwiri. Akuti dokotala anakuitanirani pambali n'kukuuzani kuti mwanayu akadzakula kubereka kungadzamuvute. Simunauze bambo, simunauze ine. Ndipo tsiku lija pangolo, achemwali akulira n'kumakufunsani chifukwa chimene simunadziyankhire, mutu wanu unali bwinobwino. Munawauza zonsezi, n'kuwalumbiritsa kuti asadzatulutse. Akuti munati, "Ine ndakalamba kale, anene zimene akufuna. Koma mwana wanga asamuvule pagulu."

Ndiye kuti tsiku lija munandimva, amayi. Munamva pamene ndinathera, munkadziwa mawu amene ndinawameza, ndipo munangotsokomola. Ine ndinkayesa ndakubisirani, pamene inu ndi amene munkandifunditsa. Ndinakhala pansi pakhonde, foni ili m'manja, ndipo Tamanda anandisiya ndilire mpaka ndinatopa.

Bwenzi mutandikalipira. Ndikanakonda mukanandikoka khutu muja munkachitira ndikabwera mochedwa kuchokera kumpira, n'kundiuza kuti ndine wamantha, kenako n'kundipatsa mbatata yootcha imene munandisungira m'phulusa. Ndakusowani, amayi. Ndimasowa mmene munkang'ung'udzira nyimbo ya kwaya mukusankha nyemba, mawu ake osawadziwa bwino, n'kumaikamo anuanu. Pali zambiri zimene ndikufuna kukufunsani, zazing'ono zomwe. Mwana akamalira madzulo popanda chifukwa timatani? Kaliwombo kake kakugunda kwambiri, kodi ndi mmene zimakhalira? Anesi amayankha bwino, koma ine ndimafuna ndimve kwa inu.

Lolemba tinakwera basi kupita ku ofesi yolembetsa ana, mvula ikuwaza. Mayi wa pa desiki anafunsa dzina, Tamanda anandigunda ndi chigongono kuti ndinene ndine. Ndinalitchula, ndipo poti linali lachilendo kwa iye anandipempha ndimutchulire chilembo chimodzichimodzi. Atamaliza anatembenuza pepala kuti tione ngati walemba bwino, n'kufunsa ngati ndi dzina la kubanja. Ndinati ndi la amayi anga, anali munthu wabwino. Aka kanali koyamba kunena zimenezi mokweza kwa munthu chichokereni inu pamudzi paja.

Elinati wagona pano pambali panga, kadzanja kamodzi kali panja pa shawelo. Mvula ikadzatha kwathuko chaka chamawa tidzabwera naye. Ndidzamukhazika pamanda panu kuti mumuone, ndipo ndidzayenda naye pamudzi pa bambo nyumba ndi nyumba, aliyense wofuna kumunyamula ayambe watchula dzina lake. Akadzakula ndidzamuuza zimene anthu anakuchitani, ndipo mbali yanga sindidzaidumpha. Limeneli ndi lonjezo langa, ndipo ulendo uno sindithera panjira.

Mupereke moni kwa bambo. Ndimakukondani, amayi, ndipo pepani.

Ine mwana wanu,
Fatsani