Malume obwereka akukana kubwezedwa

Aphungu,

Nkhani yangayi anzanga akaimva amayamba aseka kaye asanandimvere chisoni. Inunso sekani, koma mukamaliza mundithandize.

Ine kwathu ndi ku Mozambique, chigawo cha Tete. Chichewa ndinachiphunzirira pa kampu ya Luwani pompano ndili mwana, nthawi imene tinathawa nkhondo ndi mayi anga. Nkhondo itatha tinabwerera, koma mtima unatsala kuno. Nditakula ndinabweranso ndi nyundo ndi lumo lodulira malata, n'kuyamba kukhoma ndowa ndi mbaula pamsika. Mtsikana wina dzina lake Yunike anabweretsa ndowa yodontha katatu mwezi umodzi, ndipo ulendo wachitatu ndinaona kuti bowolo ndi la msomali. Pano tatha zaka khumi ndi chimodzi tili pabanja, tili ndi ana atatu, ndipo ndimakhala chikamwini kwawo.

Vuto linabadwa pa chinkhoswe. Akuchikazi anati sangapereke mwana wawo kwa munthu wopanda nkhoswe. Mayi anga anali atamwalira, ndipo malume anga enieni miyendo inawakana kalekale. Ndiye ndinapita kwa a Gerishon, bambo ena amene mayi ankawalimira ganyu nthawi ya kampu ija, n'kuwapempha kuti andiimire ngati malume tsiku limodzi lokha. Sanavute. Anabwereka jekete, ananyamula tambala, ndipo analankhula mwaluso moti nanenso ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

Tsiku limodzi lija silinathe mpaka lero. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse amabwera kudzaona "mwana wa mlongo wawo", nkhuku imafa, ndipo nthutumba ndi yawo. Tikayambana ndi Yunike amafika ndi ndodo yawo kudzaweruza, ndipo kawirikawiri wolakwa ndimakhala ine. Mwana wathu woyamba, Takondwa, anamutcha dzina ndi iwo. Nkhani ya umalumeyo nayonso yakhala ikunenepa chaka ndi chaka. Pano amati amakumbukira tsiku limene ndinabadwa, akuti kunagwa mvula ya matalala, ndipo mphuno yangayi akuti ndi ya kwawo. Sindikuwanyoza, Aphungu. Nditagonekedwa m'chipatala ndi malungo, amene anandidikirira masiku asanu ndi iwowa. Ana awo onse ali ku Joni ndipo saimba foni.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuyendera pasipoti ya kwathu, masiku akamatha ndimapita kuchipata cha m'malire kukadinditsa. Ulendo wathawu bwana wina woona za olowa ndi otuluka m'dziko anandiuza mwaulemu kuti munthu wa banja sangakhale mlendo moyo wake wonse, ndipo tsiku lina ndikhoza kudzauzidwa kuti nditsale tsidya linalo. Anandilangiza kuti, popeza mkazi wanga ndi Mmalawi, ndipemphe chilolezo chokhazikika m'dziko muno, za unzika zidzabwere pambuyo. Choyamba chimene anatchula ndi setifiketi ya ukwati. Ife tilibe. Umboni wathu unali tambala uja, ndipo tinamudya.

Kuti tilembetse ukwatiwu pakufunika mboni za mbali zonse ziwiri. Nditawapempha a Gerishon kuti akasaine ngati nkhoswe chabe, osati m'bale wa magazi, anaika kapu ya tiyi pansi. Kenako anati, "Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala malume ako pamaso pa anthu, lero ukufuna ndikakukane pamaso pa boma?" Iwo akuti njira yachidule ilipo: tikanene kuti ndine mwana wa malemu mlongo wawo, ndikajambulitse chiphaso cha unzika ngati wina aliyense, pasipoti ya kwathu tiiponye m'chimbudzi. Alumbira kuti ngati papepalapo sipalembedwa mawu akuti malume, chala chawo sichikhudza inki.

Yunike amangoseka, akuti amene anabwereka ndiye amadziwa kobweza. Iye chinsinsichi amachidziwa. Amene sadziwa ndi apongozi anga aakazi. Mayi amenewa ndi akuluakulu a kumpingo, bodza amadana nalo, ndipo malemu mlongo wa a Gerishon anali mnzawo wa ponda apa nane mpondepo kuyambira pa utsikana. Ndikuopa kuti akadzamva adzati ukwati wonse unamangidwa pa bodza, n'kundilozera msewu. Mkamwini alibe pothawira, mukudziwa nokha.

Ndiye ndili pakatikati. Ndikanena zoona ndikhumudwitsa a Gerishon ndipo mwina nditaya malo kwa apongozi. Ndikatsata njira yawo ndinamiza boma. Ine chimene ndikufuna n'chimodzi, ndidzakalambire pafupi ndi ana anga osamawerenga masiku m'pasipoti. Ndichite chiyani?

G.F., Luwani, Neno

A G.F.,

Ndaseka monga munandilolera, makamaka pa umboni umene munauthira mchere uja. Tsopano khalani pansi tikambirane.

Tiyambe ndi apongozi, chifukwa pamenepo mukuthawa chithunzithunzi chanu chomwe. Werenganinso kalata yanu. Mwalemba nokha kuti mayiwo ndi mlongo wa a Gerishon ankayendera limodzi kuyambira pa utsikana. Ndiye mukuganiza kuti mnzawo wapamtima anatenga pakati, n'kubereka mwana wamwamuna, n'kumulera mpaka ndevu, iwo osaona? Mayi amenewo anadziwa zoona zake pa chinkhoswe pomwepo, a Gerishon asanavule n'chipewa chomwe. Anakhala chete chifukwa sankafunafuna magazi, ankafuna khomo loti akagogode mwana wawo akadzalira. Ntchito ya nkhoswe ndi imeneyo, ndipo mlendo kupempha munthu wodalirika kuti amuimire si zachilendo kwathu kuno. Zaka zonsezi mwakhala mukubisa chinthu chimene mudzi wonse ukukuthandizani kubisa. Pitani ndi Yunike mukawauze apongozi ndi pakamwa panu. Akakusekani mpaka misozi, ingopirirani, ndicho chindapusa chanu.

Njira yachidule ija ikaneni lero lomwe. Kunama pofuna chiphaso cha unzika ndi mlandu, wa inu ndi wa mboni yomwe, ndipo mlandu suwola. Tsiku lina mudzakangana ndi munthu pa malire a munda, ndipo adzakumbukira mwadzidzidzi kuti kwanu ndi ku Tete. Pamenepo mudzataya chiphasocho pamodzi ndi mwayi weniweni umene muli nawo panopa, a Gerishon n'kukaima m'khoti ndi jekete lina lobwereka. Pasipotiyo isungeni pouma. Ndi imene ikuonetsa kuti zaka zonsezi mwakhala mukulowera pakhomo, osati kudumpha mpanda.

Dziwaninso kuti ukwati paokha supanga munthu kukhala nzika, umangotsegula chitseko. Yambani ndi kukalembetsa ukwati wanu ku ofesi ya DC ku Neno, ndipo mukanene poyera kuti munamanga mwa chikhalidwe. Setifiketi ikatuluka, mupite ndi Yunike ku ofesi ya olowa ndi otuluka m'dziko, mukamve zofunika kuchokera kwa eni ake, poti malamulo amasintha ndipo ine si loya. Musakadabwe akakafuna chiphaso cha Yunike ndi kalata yake yokuvomerezani, mapepala a kubadwa kwa ana, kalata ya apolisi a kwanu yosonyeza kuti simunathawe mlandu, mwinanso ya dokotala. Ya apolisiyo imatha kuchedwa, ndiye yambani kuifunafuna tsopano. Podikira yankho musalekerere masiku a m'pasipoti kuti athe. Unzika ndi ulendo wachiwiri, umabwera zikakwana zaka zimene lamulo limanena, ndipo mukadzafika pamenepo mudzafunse bwino za unzika wanu wa ku Mozambique musanasaine chilichonse. Madobadoba oima panja pa ofesi, amene amati bwana ndi mlamu wawo, apatseni moni n'kudutsa. Malume abodza amodzi akukwanirani.

Tsopano a Gerishon. Mkuluyu simunamumvetse. Sakulimbira nthutumba. Ndi munthu amene ana ake saimba foni, ndipo mmene munalankhula za kusaina ngati nkhoswe chabe, iye anamva kuti nanunso mwatopa naye. Musamukokere ku ofesi musanamuchotse mantha amenewo. Aitaneni tsiku lina, osati Loweruka lawo lija, kuti aone kuti aitanidwa. Iphani nkhuku, apongozi akhalepo. Auzeni kuti boma likufunsa amene anakuberekani, silikufunsa amene anakudikirirani m'chipatala. Papepala anene zoona, ndipo zoonazo si zochepa: tambala ananyamula ndi iwo, milandu yanu aweruza ndi iwo, ukwatiwu auona ndi maso awo kuchokera pachiyambi. Mboni yoposa imeneyo simuipeza. Kungoti muwachenjeze kuti za matalala ndi za mphuno azisiye kunyumba, chifukwa akakayamba kukamba pamaso pa kalaliki, mukatulukamo muli mapasa. Akakanabe, funsani ku ofesiko ngati wina amene analipo pa chinkhoswe angasaine, koma sindikukhulupirira kuti zifika pamenepo.

Chenjezo langa ndi ili. Mapepala akadzatuluka, musadzayambe kudandaula za nkhuku. Inu munapempha tsiku limodzi, iwo anakupatsani zaka khumi ndi chimodzi, kuphatikizapo masiku asanu a pa benchi ya chipatala. Muwauze pamaso pa apongozi kuti munawabwerekadi, koma kubweza simubweza. Nthutumba ikhalebe yawo. Ndipo tsiku limene adzatisiye, kaya a ku Joni adzabwera kaya sadzabwera, malo anu ndi pamphasa ya anamfedwa. Pamenepo palibe amene adzakufunseni pasipoti.

Aphungu