Kalata Yobisira Alamu

Lolemba, 9 Juni

Kampani ya simenti ija ikufuna munthu woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Makalata afike pofika Lachiwiri la sabata yamawa. Ntchitoyi ndikuifuna, osanama. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuyeza misomali musitolo ya alamu, zala zonse dzimbiri lokhalokha.

Koma alamu asamve. Iwowa ananditola ndili pa ulova, mlongo wawo, mkazi wangayu, ali woyembekezera, ine thalauza imodzi yochapa n'kudikira iume. Akamva kuti ndikusaka kwina adzati ndine wosayamika, ndipo chibale chidzathera pompo. Ndidzawauza ndikaipeza. Ndikapanda kuipeza, palibe chachitika.

Kalata ndayamba. "I am applying", ndiye ndaima. Kutsogolo kuli "the post of storekeeper". Pakatipo palowe chiyani? For? To? On? Kaliwu kochepa ngati nsabwe, koma kandikanda tsiku lonse.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndafunsa mayi a kunyumba. Akuti Chingerezi anachisiya pageti la sukulu, ndikafunse achimwene awo. Ndati achimwene anuwo ndi amene ndikuwabisira! Akuti ndiye ndisawasokoneze, akuchapa.

Lachitatu, 11 Juni

Alamu anapita kukaoda penti, sitolo inatsala ndi ine. Kunabwera kalipentala wamtali uja, amene sangagule loko osatchula kuti anagwirapo ntchito ndi azungu. Ndinati lero ndi lero. Pepala panalibe, ndiye ndinatsegula buku limene timalembamo katundu wotuluka, n'kulemba chiganizo changa, pakati ndasiya mpata.

Sanaganize n'komwe. Analanda cholembera, n'kulemba ON wamkulu. Akuti azungu ake aja chilichonse ankangoti on.

Mmisiri wa mapaipi anali kumbuyo kwake, khosi atatalikitsa. "Bodza ilo! Ntchito umaitsatira kumene ili. Ndi to." Nayenso walemba wake pansi, n'kudula mzere kawiri. Mkangano unabuka, mpaka anayamba kukumbutsana za chitseko china chimene chinakhota chaka chatha. Mayi wina amene ankafuna bulashi anadikira, anadikira, n'kuchoka osagula.

Atapita ndinang'amba tsambalo, ndalipinda, lili m'sokosi. Umboni palibe. Nzeru ndili nazo ine, Chingerezi chokha ndiye chikundizonda.

Lachinayi, 12 Juni

Mwayi! Aphunzitsi opuma ntchito aja anabwera kudzagula waya wa khola la nkhuku, alamu ali panja kulongolola ndi dalaivala wa lole. Ndinawanong'oneza. Anati ndilembe kalata yonse aione, ndipo ndinailemba msangamsanga m'buku lomwe lija.

Anavala magalasi. "Ndi for, mwana wanga."

Ndinapuma. Koma iwo sanapume. Ndinali nditalemba "interested on", akuti ndi in. "Responsible of", akuti for. "Depend at", anangondiyang'ana mwachisoni ngati ndawauza za maliro. Malo asanu ndi awiri m'kalata imodzi! Ndinafunsa lamulo lake kuti ndingoliloweza. Akuti palibe lamulo. Timawu timeneti ndi aperekezi, ndipo mneni aliyense ali ndi wake.

"Zili ngati mabanja a anthu. Sufunsa kuti uyu anamuonanji uyu. Umangodziwa kuti amayenda limodzi."

Ndang'amba masamba atatu. Waya ndawayezera mowolowa manja.

Lachisanu, 13 Juni

Ndaikopera mwaukhondo kasanu. Galu wa aneba akauwa ndikumva for, for, for.

Loweruka, 14 Juni

Mayo ine. Ndafa.

Loweruka lililonse alamu amatenga buku lija n'kumayenda nalo m'mashelefu, kuona ngati chotuluka chikugwirizana ndi chotsala. Sawerenga masamba oyera, amenewo timapatsa makasitomala. Amawerenga achikasu, apansi. Ndipo pakati pa loyera ndi lachikasu pamakhala kaboni, wodinda pansi chilichonse cholembedwa pamwamba.

Kaboni! Amene ndimamuika ndekha m'mawa uliwonse, ndi manja angawa, zaka zisanu ndi chimodzi!

Ndinazikumbukira alamu atanyambita kale chala. Ndinali pamakwerero, chitini cha penti m'manja. Anatsegula tsamba, anaima. Anatsegula lina. Anakweza magalasi pamphumi, n'kuwabwezeranso. Anawerenga zonse, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Ndinkafuna denga lindigwere.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotseka buku, n'kulipana kukhwapa.

"Alamu, mukatha apo mutseke sitolo."

Basi, n'kutuluka.

Lamulungu, 15 Juni

Mayi a kunyumba nditawauza anaseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwe. "Munabisa m'sokosi! Inu bambo inu!" Kenako kuseka kunatha okha, anayamba kuyimbira achimwene awo. Foni ikulira, osayankha. Kanayi.

Chakudya chandikanika. Manyazi ndi amene akundidya, kuposa mantha. Munthu anandigwira dzanja, ine ndikumukumbira msewu wothawira m'buku lake lomwe. Kalata ili m'envulopu pamwamba pa kabati, ndipo sindikudziwa ngati ndiipereke.

Lolemba, 16 Juni

Ndinalawirira, ndinasesa mpaka pakhonde pa sitolo ya eni. Alamu atafika anandiitanira kuchipinda chakumbuyo. Iwo anakhala pathumba la simenti, ine pa ndowa yovundikira. Masamba achikasu aja anawayala pabondo.

"ON uyu ndi wa kalipentala, dzanja lake ndimalidziwa. TO uyu ndi wa mapaipi. Izi ndi za aphunzitsi." Anandiyang'ana. "Tauni yonse yalembamo m'buku langa. Ine ndekha ndiye chitsa?"

Ndinayamba kupepesa, anandidula.

"Kupita pitani. Mwamuna sakalambira pasikelo ya mlamu wake. Chandiwawa n'chakuti munakhulupirira munthu wokhotetsa zitseko kusiya ine. Komanso chidziwitso cha ntchitocho munachiwerenga mpaka pansi? Akufuna kalata yochokera kwa abwana anu. Mumati akulemberani ndani, wa mapaipi?"

Sindinachiwerenge mpaka pansi.

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lopindapinda. Akuti dzulo lonse anali pa limeneli, n'chifukwa chake foni sankayankha. Ndinawerenga. Alemba kuti m'zaka zonsezi sindinasowetsepo ngakhale msomali umodzi, ndipo kuti kundipeza ine n'kupeza anthu awiri. Alamu omwewa, amene chiyambire sanandiuzepo kuti zikomo! Ndinapukuta m'maso, n'kunamizira fumbi la simenti.

Mzere womaliza unali "I recommend him", kenako bowo. Bowo lenileni, afufuta mpaka pepala kubooka.

Anakanda m'mutu, maso ali kumbali. "Tsono alamu, inu mwaphunzira sabata yonse. Apa pakubwera chiyani? For kapena to?"

Ndinayang'ana bowolo. Iwo anayang'ana ine. Kunja kasitomala akugogoda pakauntala ndi kiyi.

"Sindikudziwa, alamu."

Anaimirira, anasasa simenti kuthalauza, n'kukuwira kasitomala uja kuti abwere masana. Sitolo imene sinatsekedwepo m'mawa ngakhale tsiku limene alamu anazulitsa dzino, lero taitseka naini koloko. Ndikulemba izi pakhonde la aphunzitsi, akuti akusamba. Alamu akhala pambali panga, pepala lawo lobooka aligwira ndi manja awiri.