Jaji Wopindika

Lachinayi, 12 Seputembala

Mawa kumanga, Loweruka ndi Lamulungu chionetsero cha tisitima toseweretsa. Holo ya sukulu ija ya ku Benoni, ngati chaka chatha. Magawo makumi awiri ndi atatu. Aliyense kubwera ndi lake, kulumikiza, njanji imodzi kuzungulira holo yonse, tisitima tathu n'kumayenda. Langa latha: mlatho ndi fakitale ya simenti. Njanji ndapukuta kawiri. Udzu wa pachitunda ndamatanso, mphaka anaukanda.

Mkazi wanga Refilwe akuti fungo la guluu lafika mpaka kuchipinda. "Amuna anzanu Loweruka amakaonera mpira. Inu kubzala mitengo yotalika ngati chala. Kaya ndinalakwira ndani ine."

Jaji ndamuika kale m'chikwama. Watsopanoyo.

Ndilembe, poti kope ili saliwerenga munthu. Jaji ndi chitsulo choyezera cha kalabu yathu ya tisitima, cha mabowo awiri ndi timipata tiwiri tolowa njanji. Womanga gawo amayezera pamenepo kuti njanji zake zikakumane ndi za mnzake. Amakhala kwa ine, chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano, poti ntchito yanga ndi yosula zitsulo, komanso poti ndimavuta. Anthu ndawabwezapo pakhomo pa holo ndi magawo awo. Mawu oti "Jaji sanama" ndinayambitsa ndine.

Mu Juni anagwa pabenchi ine osaona, ndinamuponda ndi tayala potulutsa galimoto. Ndinamuwongola ndi hamala. Pamaso anaoneka bwino. Sabata yomweyo Oom Barend, nkhalamba ya m'kalabu (tonse timawati Oom, kutanthauza amalume), anadzamubwereka, ndinawapatsa. Atabweza mu Ogasiti ndinakamuyeza pa makina kuntchito: milimita imodzi kumanzere. Ndinasula wina pa nthawi ya nkhomaliro, kumupaka oyilo wakuda, kumukhula pa simenti kuti aoneke wakale. Wopindikayo ali kuseri kwa zitini za penti.

Oom sindinawauze. Ndinati Lamulungu, kenako ndinati sabata yamawa. Apo n'kuti gawo lawo atamaliza kale, timiyala ta m'njanji titauma ndi guluu. Milimita imodzi. Mwina sitima zizingodutsa.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndaweruka masana. Kutentha, mphepo ya fumbi. M'holo phokoso la mahamala, zingwe za magetsi pansi ponseponse, mnzathu wa m'kalabu Fanie akutukwana mwendo wa thebulo lake ngati ukumva.

Oom afika cha m'ma 3 koloko, akuyendetsa okha kagalimoto kawo koyera. Zaka 79. Nsalu yofundika gawo lawo sanalole wina kuvundukula. Kasiteshoni ka ku Karoo komwe anabadwira: thanki ya madzi, nyumba ya denga lofiira, mtengo umodzi, nkhosa zisanu ndi imodzi. Pambali pa njanji kamunthu kochepa ngati chikhadabo, mbendera m'manja. Akuti ndi bambo awo. Ndevu anajambula ndi tsitsi limodzi la burashi. Anthu anasiya ntchito kudzaona. Ngakhale Fanie anasiya kutukwana n'kudzasuzumira.

Mayi Padayachee, apampando athu, ati gawo lokongola chonchi likhale pafupi ndi khomo, pakati pa langa ndi la Fanie. Mabawuti ndamanga ndekha kuti wina asafike pamenepo. Ndayendetsa chala polumikizira. Chikukodwa. Mbali zonse ziwiri.

Injini yoyesera, yopanda ngolo, pang'onopang'ono: inangoti gwede, n'kudutsa. Ndinapumira m'mwamba.

"Tsietsi mwana wanga, wayang'ana? Iwe ukavomera, ine ndikagona tulo," anatero Oom. Ndinati zili bwino.

Andipatsa nyama youma yokulunga m'pepala, yoyanika okha. Ili m'galimoto. Sindingathe kuidya.

Loweruka, 14 Seputembala

Anthu odzaza, mzera mpaka panja. Ana pamapewa a makolo. Fungo la soseji kulowera pazenera.

9:40, sitima ya malasha ya Fanie, ngolo makumi atatu. Itafika pa Oom, zisanu kugwa chammbali. 10:15, yonyamula anthu ya alendo ochokera ku Pretoria. 10:30, ya malasha ija kachiwiri. Njanji ndi imodzi, ikagwa sitima imodzi zonse zimaima, anthu n'kumangoonerera akuluakulu khumi atawerama kutolera ngolo.

Fanie mokweza, khamu lonse likumva: "Oom, pasiteshoni panupa mukugulitsa mowa? Sitima iliyonse ikufuna kugona pomwepa." Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka. Kuseka kwangako ndikukumvabe.

Itagwa yachisanu mayi Padayachee anandiitana. "A Lekalakala, tabweretsani Jaji." Tinamasula mabawuti, kukoka gawo, ine kuika chitsulo. Njanji osalowa m'timipata. Mbali inayo chimodzimodzi. Aliyense anaona.

"Komatu ndinayezera yemweyu, kanayi konse," anatero Oom.

Fanie anati, "Jaji sanama, Oom. Mwini wake ndi uyo, mufunseni."

Maso onse pa ine. Ndinati, "Sanama."

Liwu limodzi basi. Oom anavula magalasi, kupukuta ndi shati, kuvalanso, kuwerama mpaka mphuno kukhudza njanji. Kenako motsitsa, ngati akuuza thanki ija: "Ndiye kuti ndi masowa."

Lamulo la kalabu: gawo likalephera kwa Jaji limachoka. Lamulolo ndinalemba ndine. M'malo mwake tinaika thabwa lapadera, njanji yokhayokha pa penti wobiriwira. Lawolo tinatuluka nalo awiri, iwo kutsogolo ine kumbuyo, kudutsa pakati pa anthu. Mayi wina anafunsa, "Akupita nalo kuti lokongolalo?" Kugalimoto Oom anandigwira paphewa. "Pepa mwana wanga, ndakuchititsa manyazi pamaso pa alendo."

Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Ndadya ine, zikupota Oom. Ndinakadzitsekera m'chimbudzi cha ana asukulu mphindi makumi awiri, kungoyang'ana chitseko. Manyazi otere sindinawamvepo chibadwire.

Lamulungu, 15 Seputembala

Sitima zayenda tsiku lonse, osagwa ngakhale imodzi. Zikanagwa bwenzi ndili ndi ponamizira.

Oom abwerabe, atavala chipewa cha kalabu. Akhala pakhomo kung'amba matikiti. Munthu amene anayendetsa sitima zenizeni zaka makumi atatu ndi zisanu. Mayi Padayachee anawapatsa choyendetsera kuti azungulire kamodzi, anakana. "Ayi mama, ndingakugwetsereni zina."

Kawiri ndinanyamuka kupita pakhomopo. Koyamba ndinafika n'kufunsa ngati akufuna tiyi. Kachiwiri ndinakhotera kwa ogulitsa penti, kugula kabotolo ka mtundu umene kunyumba ndili nato titatu.

Potseka, apampando kuthokoza anthu. "Makamaka a Lekalakala, amene salola ubale kulowa pa muyezo. Si zophweka, koma kalabu imaima chifukwa cha anthu otere." M'manja mokweza. Oom nawonso kuwomba. Ine maso pa nsapato.

Refilwe wafunsa chifukwa chake sindikudya. Ndati ndi soseji yadzulo.

Lolemba, 16 Seputembala

Msana kuwawa, konyamula magawo. Langa ndangolisiya m'garaja osavundukula.

Uthenga wa pafoni wopita kwa Oom ndalemba kasanu, kufufuta kasanu. Womaliza unayamba ndi "Pali kanthu kakang'ono." Kakang'ono. Nkhani yotere si ya pafoni, ndatero mumtima, ndipo ndasangalala kuti ndapeza chifukwa.

Kuntchito ndakalipira mnzanga chifukwa chosiya choyezera pansi. Wandiyang'ana modabwa.

Lachitatu, 18 Seputembala

Msonkhano wa kalabu. Mpando wa Oom, wapafupi ndi ketulo, wopanda munthu.

Apampando ati Elmarie, mwana wa Oom, waimba foni. Oom avomera kusamukira kwa iye ku Bloemfontein kumapeto kwa mwezi, ndi kusiya kuyendetsa galimoto. Zaka ziwiri akuwanyengerera, iwo kukana kwamtuwagalu. Lolemba anamuimbira okha. Akuti anati, "Ngati milimita ikundithawa pathebulo, mwana wowoloka msewu ndimuona bwanji?" Elmarie wathokoza kalabu powathandiza bambo ake kuvomereza zoona.

Fanie nkhope yagwa. "Ndikanadziwa, za mowa zija sindikanayankhula. Pakamwa pangapa padzandiphetsa." Iye kupepesa chifukwa cha nthabwala chabe. Ine dzanja pa chikwama cha Jaji. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Pa nthawi ya zina ndi zina ndinakweza dzanja. Zoona ndinakweza. Apampando anati, "Inde, a Lekalakala?" Ndinafunsa za tsiku lobweza makiyi a holo.

Khadi lotsazikana linazungulira. Ndalemba, "Zikomo pa zonse munandiphunzitsa." Anandiphunzitsadi. Kuwotcherera waya, kupanga mitengo ndi mizu ya udzu. Chaka chimene ndinalowa kalabu, wakuda ndekha m'chipinda chonse, ena akundiyang'ana ngati ndabwera kudzasesa, amene anandikokera mpando ndi iwo.

Lachinayi, 19 Seputembala

Ndamuuza Refilwe. M'mawa, akusita. Ndinatenga zitsulo zonse ziwiri n'kuziika pathebulo. Anazimitsa simbi n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye masiku onsewa ndikukuphikirani phala, ndimvekere ndi m'mimba? Nkhalamba ikulongedza katundu chifukwa cha kachitsulo munaponda inu. Pitani lero. Kuntchito kusiyeni, pitani."

Ndinati kuntchito kuli makina ofunika kutha lero. Alipodi. Koma akanatha popanda ine.

"Mukuopa Oom kapena mukuopa Fanie?" anafunsa Refilwe. Ndikuopa kulowa m'holo anthu n'kumalozerana kuti uyo, wa Jaji uja. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikubweza anzanga pa theka la milimita. Ndikuopa kusekedwa basi. Kulemba zimenezi kukundinyansa.

Poweruka ndinaimika galimoto pangodya ya msewu wawo ku Springs. Kagalimoto koyera kali pabwalo, kotsukidwa, Oom akupukuta mawindo ake ndi nyuzipepala. Ndinawayang'ana mphindi khumi n'kutembenuka. Loweruka. Loweruka kuli nthawi yokwanira kufotokoza bwino.

Loweruka, 21 Seputembala

Ndapita, cha m'ma 10 m'mawa.

Pabwalo popanda galimoto, banga la oyilo lokha pa simenti. Makatoni pakhonde. Elmarie atapita kukagula tepi yomatira. Oom pathebulo la kukhitchini, akukulunga makapu m'nyuzipepala. Gawo lija litatsamizidwa kukhoma, lofundika nsalu, pamwamba atamata kapepala: "La Tsietsi."

"Ndimati ndikuimbire. Ulitenge, ukakonze njanjizo. Manja ako ndi owongoka."

Mawu onse amene ndinakonza m'galimoto anathawa. Ndinangotulutsa zitsulo ziwiri zija n'kuziika pathebulo. Anaziyang'ana. Anasanjika china pa chinzake, kupita nazo pazenera, kukwezera kudzuwa.

"Milimita imodzi. Kumanzere."

Ine n'kuti ndisananene. Anaona okha, ndi magalasi omwe aja. Anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira mpando, misozi m'masaya. "Ndikuona, Tsietsi. Ndikuona bwinobwino. Taona, hamala inamenya apa ndi apa."

Ndinafotokoza zonse: tayala, hamala, makina a kuntchito, oyilo wakuda. Ndili mkati molankhula kuseka kunatha. Anayang'ana panja pomwe pankaima galimoto.

"Ogula anaitenga dzulo masana. Nyumba ino apeza kale wina wolowa." Anatembenukira kwa ine. "Unadziwa liti?"

"Mu Ogasiti, Oom."

"Ndiye Loweruka lija, tikunyamula awirife?"

"Ndinkadziwa."

Anagwedeza mutu. Sanakalipe. Ndikanakonda akanandigenda ndi kapu. Anapita kukhoma, kumatula kapepala ka dzina langa, kukapinda, kuika m'thumba la shati. Chitsulo chopindika anachiika m'katoni ya makapu. Chatsopanocho anandikankhira.

"Zikomo pobwera, a Lekalakala. Mutseke geti potuluka."

Zaka khumi ndi zisanu sananditchulepo inu. Geti ndatseka.