Thupi la Dongo la Luom

Ly Son, mwezi wachiwiri

Okondedwa alamu a Tanh,

Muli bwanji kumeneko ku Saigon, pamodzi ndi akazi anu a Suong ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tilipo. Adyo takolola, koma chaka chino mitu yake ndi ing'onoing'ono. Mwana wanga Diep mano akutsogolo onse aguluka, ndiye akuseka atatseka pakamwa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu.

Papita zaka ziwiri ndi miyezi inayi chimirireni boti la mng'ono wanu Luom, ndipo aliyense ali ndi liwu lake. Ku ofesi ya boma analemba kuti wosowa. Mayi anu amati wachedwa, ndipo mpaka lero amamuikira mbale ya mpunga pamene timadyera amoyofe. Amayi a kumsika amati pepa, unataya mwamuna, ngati kuti ndinamuika m'thumba lobooka. Inu mukaimba foni mumauza mayi kuti chosowa chimapezeka. Ndikudziwa kuti mumanena mwachifundo, koma mukatseka foniyo, wotsala nawo akuyang'ana kudoko ndine.

Alamu, mawu amenewa ndawasinkhasinkha mokwanira. Kusowa ndimakudziwa: mchere ukasowa ndimakapempha kwa anansi, mawa ndagula wanga. Kutaya n'kwa munthu wosasamala, ndipo ine sindinataye kanthu. Nyanja inandilanda mwamuna, izo ndavomera, sindine woyamba pachilumba pano. Chimene ndakana ndi kumanidwa, chifukwa womana chinthucho amakhala ali nacho m'manja. Luom wamanidwa manda, ndipo omumanawo ndife abale ake.

Pa Chaka Chatsopano Diep anandifunsa kuti anzake ena amagwadira abambo awo paguwa la makolo, ena amakwera nawo njinga yamoto, nanga iye ali mbali iti. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinakwiya nanu nonse.

Tsono ndiulule. Ndinapita kwa a Sau, aja amaumba matupi a anthu otsalira m'nyanja kuti mizimu yawo ipeze pogona. Dongo ndinakakumba ndekha kuphiri, osadikira amuna a pabanja pano. Nthambi za mabulosi zopangira mafupa ndinakadula kwa amalume anga. A Sau anandiseka kuti dongo ndabweretsali n'lokwanira anthu awiri, kodi winayo ndani wandiputa. Ndinawayankha kuti winayo ndimupatsa kaye mwezi umodzi.

Zonsezi mayi ndinawabisira, koma mukudziwa kuti pachilumba pano nkhani siigona m'nyumba imodzi. Lachitatu ndili kwa a Sau, iwo akumaliza nkhope, ndinangoona mayi aima pakhomo ndi ndodo yawo. Ndinati basi, aswa zonse. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anauza a Sau kuti zaka zonsezi akuumba koma maso alibe, mwana wawo khutu lamanzere linali lopindika pamwamba chibadwire. Anaviika chala m'madzi n'kulipinda okha.

Nthawi ya chakudya mbale ija anaiikabe. Nditawafunsa, anati iwo sangakhale oyamba kunena, mwana wawo wamkulu alipo.

Ndiye zatsalira inu, alamu. A Sau asankha tsiku la 16 mwezi wamawa, ndipo malo tapeza m'mphepete mwa munda wa adyo, pafupi ndi pamene anagona abambo anu. Bwerani mudzakhale pansi pamaso pa mayi, mudzawauze kuti Luom anamwalira. Musadzati wasowa, musadzati watitsogolera. Liwu lenilenilo ndi limene akudikira, ndipo akulidikira kuchokera pakamwa panu.

Mukapanda kubwera, maliro achitikabe. Liwulo ndidzalinena ine, wobwera pabanja pano, ndipo mwina mayi sadzandikhululukira mpaka kalekale. Ndakonzeka kusenza zimenezo, koma mukudziwa bwino kuti katunduyo si wanga.

Makolo akuyang'anireni panjira, ndipo nyanja ikhale bata tsiku lowoloka. Mundiperekere moni kwa a Suong, muwauze kuti adyo wawo ndasunga. Anawo muwapsompsone m'malo mwanga.

Ndine mlamu wanu,
Nhan, mkazi wamasiye wa Luom