Wotchiyo Musawapukusire

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi amayi msana uja ukuwalola kugona? Nanga abambo akudzuka bwanji masiku ano? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwira sabata yatha, koma chapita.

Uthenga wanu uja ndinaumvetsera kangapo. Munati abambo akukana mafizo olimbitsa dzanja, ndipo kampira kofinya kamene adokotala anawapatsa anakaponya pansi pa bedi, akuti iwo si khanda loti lizisewera ndi mpira. Munatinso adokotala achenjeza kuti dzanja lamanja lija, lomwe linafooka ndi sitiroko, likapitiriza kungokhala zala ziuma osawongokanso. Nkhaniyi yandisowetsa mtendere. N'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni, pakuti pa foni mumandidula pakamwa.

Ndiyambe ndi nkhani yomwe mundiseke nayo. Ndinagula wotchi. Musafulumire kukalipa. Ndi yatsopano koma anaipanga mwachikale, nkhope yake yotuwira ngati pepala lokhalitsa, lamba wachikopa, ndipo siyendera batire. Imayenda ndi sipuling'i, ndiye m'mawa uliwonse umayenera kupukusa kachitsulo kam'mbali mpaka kalimbe. Ili ndi timabatani tiwiri. Ukadina kam'mwamba muvi wautali umayamba kuthamanga, ukadinanso umaima, ukadina kam'munsi umabwerera poyambira. Mwaizindikira kale. Ndi mbale wake wa ija abambo ankapachika m'khosi pamodzi ndi wezulo akamathamangitsa ana asukulu, ija inasowa titasamuka.

Ndinaigula kuti pa ofesi ndizioneka munthu wa digiri. Pano ndakhala nayo ndithu, ndingakuuzeni zoona zake. Pa kusunga nthawi foni imaiposa kutali. Tsiku lililonse imathamangako pang'ono, moti anzanga akuti yatengera mwini wake. Madzi imadana nawo, posamba umayenera kuvula. Galasi lake linakandika nditaligunditsa pa chitseko cha basi. Koma kumbuyo kwake kuli kagalasi kena, umaona timagudumu tikuzungulira, kamodzi kakugunda ngati mtima wa mbalame. Ndikayamba kuyang'ana pamenepo ndimaiwala kuti ndachedwa. Ine amene!

Kuntchito yandiika m'madzi. Mukudziwa kuti chilowereni ndakhala ndikunena kuti mafayilo athu tiwalowetse mu kompyuta. Aliyense amavomera ndi mutu, koma pepala langa likungoyenda tebulo ndi tebulo. Tsiku lina pa msonkhano, abwana atangotsegula pakamwa, ndinadina batani kuti ndione atenga nthawi yaitali bwanji asanafike pa mfundo. Sindinadziwe kuti kabatani kameneka kamamveka chonchi m'chipinda muli zii. Onse anatembenuka. Abwana anavula magalasi n'kundifunsa ngati tili pa mpikisano wothamanga, ndipo ngati ndi choncho iwo ali pa nambala chani. Amayi a ku akaunti anaseka mpaka misozi. Pepala langa lija pano lili pansi penipeni pa mulu. Sindinagonje, ndalemba lina.

Tsopano nkhani yeniyeni. Lachiwiri ndinadzuka mochedwa, ndinatuluka osaipukusa. Masana ndikuti ndione nthawi, yaima. Chinthu chili pamkono koma chosagunda. Mtima unandiwawa modabwitsa, ndinasiya zonse n'kuipukusa pomwepo. Zala zili pa kachitsuloko ndinakumbukira abambo. Mukukumbuka kwa azakhali kuja, atapeza wotchi yapakhoma itaima, anakwera pa mpando asanapereke n'komwe moni? Amayi manyazi, iwo akuti nyumba yokhala ndi wotchi yakufa imagonetsa anthu. Munthu ameneyu ankatiyesa nthawi ngakhale potituma ku golosale, tikabwera n'kutiuza kuti dzulo tinachita bwino kuposa lero. Kenako ndinayang'ana zala zomwe ndinkapukusira: chachikulu ndi chamkombaphala, zomwezo adokotala akudandaula nazo.

Ndiye wotchiyi ndawapatsira amalume, afika nayo Loweruka. Pempho langa ndi limodzi, achemwali, ndipo ndikudziwa kuti likuvutani chifukwa muli ndi chisoni chambiri: abambo musawapukusire. Amayi muwauzenso, alamu chimodzimodzi. Musatchule za mafizo, musanene kuti ndi mankhwala. Kwa abambowo mungoti mwana wanu wopupuluma uja wagula wotchi, akufuna muiyese ngati ili yabwino kapena anamupusitsa, poti inu ndi amene mumazidziwa. Limenelo si bodza. Muwaveke kumanzere, lamba mumange bwino, kuti ntchito yopukusa igwere dzanja lodwalalo.

Poyamba zala zidzaterereka. Adzakalipa, mwina adzakunenani kuti mwakula mtima chikwatiwireni. Mupirire. Ikaima, isiyeni iime pamkono pawo pomwepo, inu muzikachapa. Amayi akayamba kuzungulirazungulira pafupi, muwatume kwa aneba.

Sindikudziwa ngati zitheke. Ine ndimafuna zinthu zisinthe lero lomwe, mumandidziwa, ndipo izi sizisintha lero kapena mawa. Ndaganiza zimenezi masiku onsewa, mkono uli wopepuka, ndikungoyang'ana pamene panali lamba. Mwina wotchiyo idzaima kawiri, katatu. Koma abambo amene ndimawadziwa ine sangathe tsiku lonse atavala wotchi yakufa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya, sindinaonde ayi, ndi chithunzi ndinatumiza chija chinangojambulidwa moipa. Moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana, koma anawo wotchiyo asaigwire. Abambo muwauze kuti ndikudikira chigamulo chawo pa wotchiyi, ndipo ndati pa foni sindilandira. Alembe okha, ngakhale mzere umodzi wokhotakhota. Umenewo ndidzaudikira osadina batani.

Ndine mlongo wanu,
Waphuma