Amuna anga akufuna kulapa koma mawu anawathawa

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire, ndimakhala kumapiri kuno ku Lobi. Kulemba m'nyuzi sindinazolowere, koma nkhani iyi yandikulira, ndipo anthu akuno ndikuchita nawo manyazi chifukwa aliyense amawadziwa amuna anga.

Tingowatchula a Bonifasio. Tinamanga ukwati kutchalitchi tili achichepere, ndipo moyo wathu wonse wakhala wa khasu: chimanga, nyemba, ndi mbatata ya kachewere kudimba. Ku mphakati wathu, kagulu ka Akatolika oyandikana nyumba, iwo ndiwo ankatsogolera pemphero la kolona. Mawu awo anali aakulu, oti akayamba pemphero pakhomo pathu, a kutsidya kwa dambo ankadziwa kuti lero mphakati wakumana kwa ife. Pamaliro, pa Njira ya Mtanda, kwa odwala, anthu ankangoti, "Kaitaneni a Bonifasio."

Mvula itangoyamba chaka chatha, anagwa m'munda tikubzala. Ine ndinkaganiza kuti aterereka. Nditawadzutsa ndinaona pakamwa papotokera kumbali, dzanja lamanja lili lende. Kuchipatala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Moyo unapulumuka, ndipo pano akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, koma mawu anapita. Amamva zonse, nzeru zili bwinobwino, mukanena choseketsa amaseka. Koma akati ayankhule, chimatuluka ndi "eya, eya" basi, ngakhale pamene akufuna kukana. Kulemba sangathe, poti dzanja lolembera ndi lomwe linafookalo.

Lenti itayamba, tsiku lina ndikusankha nyemba pakhonde, anandikoka chitenje. Analoza kumene kuli tchalitchi, kenako n'kudziguguda pachifuwa monga timachitira pa Misa povomera kuti ndife ochimwa. Ndinafunsa ngati pachifuwa pakupweteka, anapukusa mutu. Ndinafunsa ngati akufuna ndiitane anzawo a mphakati, anapukusanso. Apo m'pamene zinandifikira. Ndinati, "Bambo a Anjelina, mukufuna kulapa?" Anandigwira dzanja mwamphamvu, misozi ili chuchuchu.

Tchalitchi chathu ndi nthambi chabe ya parishi, ansembe amabwera mwa apo ndi apo. Tsiku limene anabwera kudzalapitsa anthu, ndinawasambitsa, ndinawaveka jekete lawo la Lamulungu, ndipo alamu anga a Zefaniya, omwe ndi ang'ono awo, anawakweza panjinga n'kumakankha m'matope mpaka kukafika. Tinakhala pabenchi kudikira. Anthu ankalowa mmodzimmodzi, ife tikusendera. Nthawi yawo itayandikira, ndinawaona akuyeserera chamumtima, milomo ikugwedera, thukuta lili kamukamu pamene kunja kunkazizira. Kenako anadzuka, n'kutenga ndodo, n'kutuluka. Ndinawatsatira ndikuwachonderera, koma anangoloza njira ya kunyumba.

Kuyambira tsiku limenelo asintha. Mayi Esitere, omwe amabweretsa Ukaristia kwa odwala m'mudzi mwathu, atabwera Lamulungu lotsatira, a Bonifasio anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Mayi aja anati, "Abambo, ndi Ambuyetu awa, abwera kudzakuonani." Iwo anangoloza pachifuwa pawo n'kupukusa mutu. Ndikuona ngati akudziyesa osayenera kulandira popeza sanalape. Kolona yawo, imene sinkachoka m'thumba ngakhale kumunda, anaipachika pamsomali, ndipo ndikaitsitsa amaikankha.

A Zefaniya amawakonda kwambiri akulu awo, ndipo ndi mtima wabwino womwewo anandiuza kuti, "Alamu, mwakhala nawo zaka zonsezi, palibe chimene simukuchidziwa. Lowani nawo kwa ansembe, muwanenere machimo awo inuyo, iwo azingovomera." Ndinayesa kuganiza zimene ndinganene. Ndikudziwa kuti ndi a mtima wapachala, ndiponso kuti anakhalapo osayankhulana ndi mnansi wathu chifukwa cha mbuzi zomwe zinadya kabichi. Koma chimene chikuwalemera iwo ndingachidziwe bwanji? Mwinanso chilipo chimene sangafune kuti ine ndichimve. Mwana wathu Anjelina ali ku Lilongwe, pafoni amangoti, "Amayi, asiyeni, Mulungu akudziwa kale." Mwina akunena zoona, koma iye sawaona bambo ake mmene amauyang'anira msomali uja.

Chimodzi chokha chinandilimbitsako mtima. Amayi a kwaya anadutsa pamsewu akuimba, akuchokera kokonzekera nyimbo za Pasaka, ndipo ndinamva a Bonifasio akung'ung'udza nawo. Ndikulumbira kuti mawu ena anatuluka bwinobwino. Atazindikira kuti ndikumvetsera, anasiya.

Adokotala anati sitiroko imatha kubweranso. Aphungu, mantha anga ndi akuti angatisiye akuganiza kuti Mulungu wawatsekera khomo. Inenso kupemphera kwandivuta. Ndikagwada ndimangoti, "Mwawalandiranji mawu omwe ankakutamandani nawo?" kenako ndimadzuka. Kodi munthu wosayankhula angalape? Ndiwanenere ine? Nanga funso langali kwa Mulungu, si tchimo?

C.Z., Lobi, Dedza

Mayi C.Z.,

Mtima pansi. Amuna anu angathe kulapa, ndipo inu simukufunika kuwanenera kanthu. Ine sindine wansembe, choncho ndisanakuyankheni ndinakafunsa kwa eni ntchito, ndipo sanachedwe n'komwe kundiyankha.

Mpingo suphunzitsa kuti chikhululukiro chimadalira lilime. Chofunika ndi mtima womva chisoni ndi machimo, ndi kuuonetsa mtimawo mmene munthu angathere. Wotha kuyankhula ayankhule. Wosatha, aonetse ndi dzanja, ndi mutu, ndi maso, ndipo kulapa kwake n'kokwanira ngati kwa wina aliyense. Mulungu safunsa munthu chimene alibe. Ansembe amakumana ndi odwala otere kawirikawiri m'zipatala, ndipo amadziwa kufunsa mafunso oti munthu ayankhe pongofinya dzanja. Pamene a Bonifasio anakukokani chitenje n'kudziguguda pachifuwa, ulendo wobwerera kwa Mulungu anali atauyamba kale. Chatsala n'choti amve ndi makutu awo wansembe akuwamasula.

Musawabwezerenso pabenchi lija. Chinawathawitsa si Mulungu ayi, ndi manyazi. Taganizani, munthu amene mudzi wonse unkamudziwa ndi mawu, lero akalephere kutchula dzina lake pafupi ndi anthu omwewo! Pitani kwa akatekisti mawa lomwe, apereke uthenga kuparishi kuti kuli wodwala wofuna kulapira kunyumba. Uthenga ukachedwa, a Zefaniya akwere njinga yawo ija akaonane pamaso ndi Abambo Mfumu, mkulu wa ansembe a parishiyo. Musaope kuti mukuvutitsa, kuyendera odwala ndi ntchito imene ansembe anadzozedwera. Nenani momveka kuti wodwalayo amamva zonse koma sayankhula, ndipo musaiwale kunena kuti "eya" wawo si kuvomera nthawi zonse. Podikira, gwirizanani nawo chizindikiro cha dzanja lamanzere, kufinya kuti inde, kutambasula kuti ayi, ndipo muzichiyeserera pa zinthu wamba monga kusamba ndi kudya mpaka achizolowere.

Pemphaninso sakramenti la Kudzoza Odwala. Ambiri timaliopa ngati belu la maliro, pamene ndi la aliyense amene matenda amugwira kwambiri, lomulimbitsa thupi ndi mzimu. Mpingo umaphunzitsanso kuti limakhululukira machimo amene wodwala walephera kuwaulula.

Koma zonsezi musawachitire mobisa. Khalani nawo pakhonde pomwepo, muwauze kuti, "Bambo a Anjelina, ndafunsa, akuti mungalape osayankhula. Ndiwaitane ansembe kuno?" Dikirani dzanja lawo liyankhe. Mukafuna, awerengereni tsamba lino.

A Zefaniya muwathokoze, koma nzeru yawoyo isiyeni. N'zoona kuti Mpingo umalola womasulira ngati wolapa mwini wafuna, ndipo womasulirayo amamangidwa kusunga chinsinsi. Koma womasulira amanena zimene munthu wanena, pamene inu mukhala mukungoganizira. Mkazi akayamba kutchula zolakwa za mwamuna wake pamaso pa wansembe, mwamunayo ali chete osatha kudziteteza, kumeneko sikulapa, ndi bwalo la milandu. Mtima wanu unakuuzani kale zimenezi, n'chifukwa chake munazengereza.

Ukaristia musawakakamize. Kukana kwawo si kunyoza, ndi ulemu waukulu umene wasakanikirana ndi mantha. Akalapa adzatsegula pakamwa okha. Ngati kumeza kumawavuta, Mayi Esitere adziwe kuti aziwapatsa kachidutswa kakang'ono, chifukwa Ambuye ali athunthu ngakhale m'kachidutswako.

Za kolona, musaiike m'manja mwawo ngati mankhwala. Khalani pafupi nawo, muzipemphera inu mokweza ndi kolona yanu, tsiku ndi tsiku, osawayang'ana. Tsiku limene adzaloze pamsomali, muitsitse, inu muzinena mawu, iwo azisuntha mikanda. Limenelo ndi pemphero lathunthu la anthu awiri. Ndipo zija munamva zokhudza nyimbo simunalote. Azachipatala amati kwa ena odwala sitiroko kuimba kumatsala pamene kuyankhula kwapita, choncho kanenani zimenezi kumafizo, kuchipatala kumene amalimbitsa ziwalo zofooka, mwina angazigwiritse ntchito. Muziimba nyimbo za kutchalitchi mukugwira ntchito zanu, iwo adzalowerera akafuna.

Tsopano za inu. Funso lanu lija si tchimo, ndi pemphero la munthu wopwetekedwa. Amene wamutaya Mulungu samufunsa kanthu. Oyera ambiri anadutsa m'nyengo youma yotere, akugwada osamva kukoma kulikonse, ndipo aphunzitsi a moyo wauzimu amati chofunika ndi kusathawa. Funsani funso lanulo, kenako khalanibe pomwepo pang'ono musanadzuke. Yankho lake ine ndilibe, ndipo sindikunamizani kuti ndili nalo. Anjelina mumuuze mosabisa kuti mwatopa, abwere adzakulandireniko masiku a Pasaka, nanunso mukapume ndi kukalapa panokha.

Chenjezo langa ndi ili. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi asadumphe, ndipo aliyense wobwera n'kunena kuti matendawa ndi chilango, kapena kuti asiye mankhwala kuti aonetse chikhulupiriro, muperekezeni mwaulemu mpaka pamsewu. Ndipo tsiku limene ansembe adzafike, alowetseni, tulukani panja, tsekani chitseko, a Zefaniya ndi ena onse muwatengere kutali ndi zenera. Zichedwe bwanji, musagogode. Chitseko chikadzatseguka, musadzafunse kanthu, kaya kwa ansembe kaya kwa amuna anu, ngakhale mudzaone kuti alira. Zimenezo ndi za iwo ndi Mulungu wawo. Inu mudzangowapukuta kumaso, n'kuika tiyi pamoto.

Aphungu