Apongozi anga ayamba kugawa katundu wawo

Aphungu,

Ndimakhala ku Tlaseng kuno ku Joni ndi amuna anga a Redson, ana awiri, komanso apongozi anga aamuna. Bambowa anagwira ntchito mumgodi kuyambira ali mnyamata mpaka anapuma chifukwa cha chifuwa. Akazi awo anatisiya kale.

Chaka chatha anapita kwawo ku Dedza kuti akakhaliretu, koma sanachedweko. Anakapeza achemwali awo atamwalira, munda ukulimidwa ndi ena, ana akuwatcha mtchona. Atangobwerera kuno, a Absalom, mnzawo yekhayo amene ankasewera naye bawo, anadwala n'kumwalira.

Kuchokera pamenepo anasiya kupita kutchalitchi, chakudya ankangolawa, ndipo anayamba kumwa mowa, zomwe sankachita. Tsiku lina ndikuwapatsa mankhwala anati, "Mayi, ndakulemetsani mokwanira. Posachedwapa mupumula." Ndinangoseka pobisa mantha.

Sabata ino asintha mwadzidzidzi. Ameta, akumwetulira, wailesi apatsa mwana wanga, jekete yawo yakutchalitchi apatsa aneba. A Redson akuti bambo achira, ndipo tikawafunsa zodzipha tiwapatsa maganizo amene analibe. Nanga ine mpongozi ndingafunse bwanji zoterezi? Koma mtima sukukhazikika. Ndikapita kogula ndiwo ndimabwerako chothamanga. Ndithandizeni.

F.M., Tlaseng

Mayi F.M.,

Mantha anuwo ndi omveka, musawapeputse. Matenda osatha, maliro otsatizana, kusowa wocheza naye, mowa ndi kudziona ngati wolemetsa ena, zikakumana mwa munthu mmodzi zimatha kumufikitsa poganiza zodzipha. Ndipo munthu wokhumudwa akapepukidwa mwadzidzidzi n'kuyamba kugawa katundu, nthawi zina ndiye kuti watsimikiza kale mumtima.

A Redson akulakwitsa. Kufunsa sikuyambitsa maganizowa, ambiri amapepukidwa wina akawafunsa. Chitani zimenezi lero, mwaulemu koma mosazungulira: "Bambo, kodi mukuganiza zodzipha?" Ngati upongozi ukukumangani pakamwa, a Redson ndiwo awafunse inu mulipo. Akavomera musawakalipire kapena kuwalalikira za tchimo. Mvetserani.

Mankhwala awo muzisunga ndinu n'kumawapatsa a nthawi imeneyo basi, ndipo chilichonse choopsa chichoke pafupi. Masiku ano asakhale okha. Pitani nawo kuchipatala mawa lomwe, mukawauze anamwino zonse mwandilemberazi, osati za chifuwa zokha. Kukhumudwa kotere ndi matenda ndipo kuli ndi chithandizo. Mukaona kuti zafika pothina, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo kapena imbani nambala yaulere ya SADAG, bungwe lothandiza anthu okhumudwa ndi oganiza zodzipha, 0800 567 567.

Pemphaninso madoda akutchalitchi amene anagwirapo mumgodi kuti azibwera kudzacheza nawo. Inu nokha simungathe, mutopa.

Chenjezo langa ndi ili: akakupemphani kuti musauze munthu, musavomere. Mwina akukwiyirani, n'kunena kuti mpongozi wawachititsa manyazi. Alekeni akwiye. Bola akwiye ali moyo.

Aphungu